Masamu a Ivo pa Ndege ya ku Lisboa

1. Mwana wa kalasi ya 12

Pali uchitsiru wina umene umapezeka kusukulu kokha. Munthu wosaphunzira akapusa amapusa mwakachetechete, koma amene walawa masamu pang'ono amapusa mokweza, cholembera chili m'manja. Ivo adali wa mtundu wachiwiriwu.

Adali ndi zaka 18 ndipo ankaphunzira kalasi ya 12 ku sekundariya ya ku Ulongwe, m'chigawo cha Tete. Kwawo kudali kumudzi wina kuseri kwa Fonte Boa, kumene anthu amalima chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere. Akabwera kumudziko khasu ankalilambalala ngati lili ndi mphere. Akuluakulu akamalankhula iye ankangodinadina telefoni yake, n'kumauza anzake kuti tsabola wakale sawawa.

Bambo ake, a Eusébio, adamwalira Lolemba m'mawa m'nyengo yachisanu, atadwala chifuwa miyezi itatu. Asanatsirizike adagwira dzanja la akazi awo, a Zeferina, nawapempha chinthu chimodzi chokha.

"Musandikwirire Adérito asanandione nkhope. Zaka zisanu ndi ziwiri zatha tisanaonane. Abwere adzandione, kenako mundiike."

A Zeferina adalonjeza. Adérito adali mwana wawo woyamba, mkulu wake wa Ivo, ndipo ankagwira ntchito yomanga nyumba ku Lisboa, mzinda waukulu wa ku Portugal.

Kumudikira kudali kotheka. Namwino adabwera tsiku lomwelo, nabaya thupilo mankhwala, n'kunena kuti ndi chisanu chimene chidalipo likhoza kukhala bwinobwino mpaka Lachisanu. A Zacarias, mkulu wawo wa malemuwo, amene ankayendetsa zonse pamaliropo, adapita kumanda kukaonetsa adzukulu malo oti adzakumbe, pafupi ndi pamene adagona bambo awo. Chidatsala n'kungowauza tsiku.

Tsoka lake lidali lakuti pabanja lonselo telefoni yotha kulemberana ndi munthu wa kunja idali ya Ivo. Inkagwira pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu cha kuseri kwa khola la ng'ombe. Motero mawu onse a Adérito ankayamba adutsa mwa mnyamatayu asanafike kwa anthu.

2. Maola 17

Lachiwiri m'mawa Ivo adakwera pachulupo, uthenga n'kulowa. Adérito adalemba kuti, "Ndapeza malo. Ndege inyamuka kuno lero madzulo, ola la 19. Uwauze amayi kuti ndikubwera."

Mwana wanzeru akadatsika n'kukanena mawu omwewo osathira mchere. Ivo adayamba wafufuza patelefonipo kutalika kwa ulendowo, nalemba manambala m'kope lake. Adatsika atatukumula chifuwa, nalunjika pansi pa mtengo wa pichesi pamene amuna ankaothera dzuwa. Adalankhula chiimirire, osagwada ngakhale kunjuta.

"Achimwene afika mawa ola la 14."

A Zacarias adamuyang'ana kuyambira kumapazi. Adali munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, wa jekete lakale ndi nsapato za matayala.

"Wanena ndi iyeyo kuti afika mawa?"

"Anena ndi masamu, bambo aakulu," adayankha Ivo akutsegula kope lija. "Kuchokera ku Lisboa kufika ku Maputo pali makilomita 8400, ndipo ndege imauluka maola 11. Nthawi ya kwawoko imatsalira ndi ola limodzi, chimenechonso ndachiwerengera. Ndiye kuti mawa ola la 7 m'mawa atera ku Maputo. Maputo kufika ku Tete ndi makilomita 1100, maola awiri basi. Tete kufika ku Ulongwe pa shapa, minibasi ija, ndi maola anayi. Kuphatikiza zonse, maola 17. Ndawonjezapo limodzi la njinga yamoto ndi kumwa madzi. Adzukulu akumbe mawa m'mawa, ola la 15 tiike maliro, anthuwa akapume kwawo."

Amuna ena adagwedeza mitu, pakuti manambala amaopsa munthu amene sadawazolowere. A Zacarias adangoloza pansi.

"Khala pansi, mwana wanga, ndikuuze."

Ivo adakhala pamphepete pa benchi, nkhope itayang'ana kwina.

"Manambala akowo sindikuwakana. Mwina ndi oona. Koma kabokosi kakoko kakuuza za nthawi imene ndege ili m'mwamba, ndipo ulendo suthera m'mwamba, umathera pansi. Pansi pali mizere. Pali odinda mapepala, pali katundu woti umudikire atuluke. Ndege yachiwiriyo siyikhala chitsegulire chitseko kuyembekeza mwana wa a Eusébio. Ili ndi nthawi yake, ili ndi anthu ake amene adagula malo kale. Ukafika ku Tete, shapa sinyamuka chifukwa choti iwe uli ndi maliro. Imanyamuka ikadzaza. Ungalire bwanji, wotolera anthu adzakuuza kuti kwatsala awiri, ndipo awiri amenewo amatha theka la tsiku.

"Iwe ukandiona ndi nsapato izi umayesa ndimangodziwa ngolo. Ine ndege ndidakwera usanabadwe. Ndidagwira ntchito zaka zinayi ku Jeremani. Pobwera, kuchokera ku Berlin kufika ku Maputo ndidagona m'mwamba usiku umodzi wokha. Kuchokera ku Maputo kuti ndifike kumene kudali amayi anga zidanditengera milungu itatu. Kutali kudafupika, pafupi n'kutalika.

"Tsono tamvera. Khasu lisagunde pansi mpaka Adérito atanena ndi pakamwa pake kuti mapazi ake ali ku Tete. Mwambo wa kuno ukuudziwa, dzenje likakumbidwa siligona. Tikakumba mawa tiika mawa, kaya iye wafika kaya sanafike. Amayi ako adalonjeza munthu ali moyo, ndipo ife ntchito yathu n'kuwathandiza kusunga lonjezolo."

Ivo adaseka kudzera m'mphuno.

"Imeneyo idali nthawi ya nkhondo, bambo aakulu. Ndege za masiku ano si ngolo, siziyenda ndi mwayi. Zimayenda ndi koloko."

"Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo," adatero a Zacarias, natembenukira kwa anzawo kukamba za nkhuni.

Amuna aja adaseka. Sikudali kuseka kwakukulu, poti padali pamaliro, koma Ivo kudamulasa. Adatseka kope lake makutu atatentha. Za bambo ake amene adagona m'nyumbamo adaziiwala, chimene chidamuwawa n'chakuti anthu osadziwa ngakhale kumene kuli Portugal amuseka iye wa kalasi ya 12.

3. Uthenga kwa a Sozinho

Dzuwa litapendeka a Zacarias adamuitana.

"Tenga njinga upite kwa a Sozinho, mkulu wa adzukulu. Ukawauze kuti mawa asakumbe. Adikire, tidzawatumizira mawu mlendo wathu akafika ku Tete. Wamva?"

"Ndamva."

"Bwereza."

Ivo adabwereza mawuwo mwaulesi ngati mwana wa kalasi yoyamba, nakwera njinga.

A Sozinho ankakhala kutsidya kwa dambo, kufupi ndi nkhalango ya manda. Ivo adawapeza pakhonde akukhomera khasu mumpini watsopano. Adali munthu wamfupi, wa manja okhakhala, amene adaika m'manda theka la mudziwo. Adapepesa maliro mwaulemu, nafunsa chimene mnyamatayo wadzera.

Apa ndi pamene Ivo adasankha. Palibe amene adamukakamiza, ndipo mawu oona adali akadali m'kamwa mwake, pakuti adali atangowabwereza kumene.

"Bambo aakulu akuti mukumbe mawa m'mamawa. Maliro tiika ola la 15."

A Sozinho adaika khasu pansi.

"Mlendo wa ku Ulaya uja wafika?"

"Afika mawa masana. Zonse ndawerengera."

"Ndikufunsanso, mwana wa a Eusébio, chifukwa ntchito yathuyi ilibe pepani. Nyumba ukaimanga molakwika umagwetsa. Munda ukaulima molakwika umabwereza. Koma dzenje ndi pakamwa. Likatseguka limafuna chake tsiku lomwelo, ndipo mukalisiya ligone lidzasankha lokha woti limudye. Makolo athu adatisiyira choncho, ifenso sitidayesepo kuona ngati ankanama. Ine ndakumba zaka makumi atatu, sindidasiyepo dzenje chitsegukire dzuwa n'kulowa. Tsono ndiuze bwino, mawu amenewa ndi a a Zacarias?"

"Ndi awo," adatero Ivo osaphethira.

"Wawa. Tambala woyamba adzatipeza tili pantchito."

Pobwerera Ivo ankapalasa njinga akuimba mluzu. M'mutu mwake nkhani idali itatha kale. Adérito afika ola la 14, apeza manda ali okonzeka, ndipo anthu onse adzaona amene adali ndi nzeru pakati pa iye ndi nkhalamba ya nsapato za matayala. Atafika kunyumba a Zacarias adamufunsa ngati wanena, iye n'kuvomera kuti wanena.

4. Lachitatu m'mawa

Kutacha a Zacarias adakwera njinga kupita ku mishoni ya Fonte Boa kukapempha wansembe kuti adzabwere Lachinayi madzulo kapena Lachisanu. Adanyamuka mtima uli m'malo, osadziwa kuti kutsidya kwa dambo makasu adali atayamba kale.

Ivo adakwera pachulu chisanu chikadali paudzu. Ola la 8 lisanakwane uthenga udalowa wakuti, "Ndatera ku Maputo." Mnyamatayo adatsika chothamanga, nazungulira bwalo lonse kuonetsa anthu telefoniyo.

"Mwaona? Ndidati ola la 7. Koloko siinama."

Amayi ake adali m'nyumba pambali pa bokosi. Atamva kuti mwana wawo waponda dziko la kwawo adatukula manja, nalira mothokoza. Ivo adabwerera pachulu kukadikira uthenga wa ku Tete, akuyang'ana kumwamba ngati ndegeyo idutsa pamwamba pa khola.

Ola la 9 telefoni idalira. Adali Adérito, mawu ake otopa.

"Ivo, ndachedwa pamzere wa mapepala ndi katundu. Ndege ya ku Tete ndaipeza itapita, ndipo lero kulibe ina yokhala ndi malo. Andilemba ya mawa m'mawa. Ndafunsa za basi, akuti imeneyo ndiye ingandichedwetse koposa. Ndifika mawa madzulo. Bambo akusungika bwino?"

"Akusungika," adatero Ivo.

"Chabwino. Uwauze bambo aakulu asakumbitse. Iwo akudziwa kale zimenezi. Uwauze amayi alimbe mtima, ndatsala pang'ono."

Telefoni idaduka. Kuchokera pachulupo munthu amaona bwino kutsidya kwa dambo. Ivo adayang'ana kumeneko, naona mulu wa dothi lofiira m'mphepete mwa nkhalango, ndi mitu ya anthu ikuwerama n'kuweramuka.

Munthu wolimba mtima akadatsika n'kukagwada pamaso pa amayi ake nthawi yomweyo. Katswiri wathu wa masamu adakhala pachulupo ola lathunthu, akuphatikizanso manambala ake ngati kuti akawabwereza ndege ibwerera. Adatsika pokhapokha atamva phokoso pabwalo.

Adali atafika mdzukulu wina, matope ali m'miyendo, nagwada patsogolo pa amayi ophika.

"A Sozinho akuti dzenje lafika m'khosi, koma chakudya cha adzukulu sitinachione. Kodi mwatiiwala?"

Amayi aja adayang'anana. Mmodzi adafunsa kuti dzenje lake liti. Nthawi yomweyo a Zacarias adali akutsika panjinga, atangobwera kumene kuchokera ku mishoni.

5. Dzenje siligona

Adaitanitsa a Sozinho. Nkhani idakambidwa pakhonde, a Zeferina atakhala pakhomo kuti amve. Sidatenge nthawi, pakuti a Sozinho sadali munthu wozungulira.

"Uthenga adabweretsa ndi mwana wanuyu. Ndidamufunsa kawiri, iye n'kuti mawu ndi anu."

A Zacarias sadakalipe. Adangofunsa Ivo kuti Adérito ali kuti, ndipo Ivo adayankha motsitsa kuti ali ku Maputo, afika mawa madzulo.

Manyazi akadamutseka pakamwa mnyamatayo zikadakhalako bwino. Koma iye adaona ngati mpata wina wapezeka woonetsera nzeru.

"Vuto palibe apa. Tivundikire dzenjelo ndi malata mpaka mawa. Dothi silidya munthu, imeneyo ndi miyambo chabe. Kusukulu tidaphunzira kuti..."

"Kusukulu kwanuko mumakumbako manda?" adamudula a Sozinho. "Anyamata anga aswa mwala kuyambira mbandakucha, m'manja muli matuza. Ukawauze iwowo kuti ndi miyambo chabe. Dzenje limeneli likagona, m'mudzi muno simudzapezeka mdzukulu wogwira khasu pamaliro a banja lino, lero ndi mpaka kale. Ndipo mwana aliyense akadzatsokomola mwezi uno, anthu adzaloza nyumba ino."

A Zacarias adayesa njira ina. Adafunsa ngati sangaikemo thunthu la nthochi n'kukwirira, mawa n'kukumba pena.

"Wawa, nthochi timaika pamene thupi lasowa, monga munthu wopita ndi madzi," adayankha a Sozinho. "Apa thupi lilipo. Manda awiri a munthu mmodzi, enawo ndi a yani? Komanso malo a pambali pa bambo anu ndi omwewo. Tikakwirira nthochi pamenepo, mng'ono wanu akagona kutali ndi bambo ake."

Onse adayang'ana a Zeferina. Mayiyo adali atagwira tsaya. Polankhula sadayang'ane Ivo.

"Alamu, ndataya mwamuna. Sindifuna kuti mawa ndidzataye mwana anthu n'kumati ndi dzenje lija. Aikeni lero."

"Amayi," adatero Ivo, "nditha kuwajambula nkhope patelefoni, achimwene adzaone."

"Bambo ako sadanene kuti telefoni idzawaone."

Adadzuka nalowa m'nyumba. Amene adali pafupi ndi khomo adawaona akuvundukula nsalu kunkhope ya amuna awo, nawayang'ana nthawi yaitali.

"A Eusébio, ndakunamizani," adatero. "Mudandipempha chinthu chimodzi chokha pa zaka zonsezi, ndipo ndalephera. Mundikhululukire."

Amayi amene adali m'nyumbamo adayamba kulira, ndipo ngakhale amuna a pabwalo adaweramitsa mitu. Zidali zomvetsa chisoni kuona mayi wosalakwa akupepesa mlandu wa mwana wake.

Maliro adaikidwa ola la 15, nthawi yomwe Ivo adalemba m'kope lake. Wansembe padalibe, poti adali atauzidwa tsiku lina, choncho mapemphero adatsogolera ndi katekisita wa m'mudzimo. Abale a ku Lifidzi amene ankadikira Lachinayi adangomva kuti zatha. Dothi loyamba, limene akadaponya Adérito, adaponya ndi a Zacarias.

Pobwera kumanda a Zacarias adamukokera Ivo pambali.

"Madzi akatayika saoleka. Sindikumenya, chifukwa ndodo siukitsa munthu. Koma pali ntchito imodzi imene palibe angakugwirire. Kwera pachulu chako chija, umuimbire mkulu wako, umuuze ndi pakamwa pako zimene wachita. Asayende ulendo wonsewu akuyembekeza nkhope imene ili kale pansi. Adzakwiya, adzakutukwana, koma akamafika kuno mtima udzakhala utayamba kuphwa. Ukabisa lero, mawa chidzakhala chilonda china pamwamba pa chinzake."

Ivo adakwera pachulu. Kuimba adaopa, ndiye adayamba kulemba. Adalemba, nafufuta. Adalembanso moika mlandu pa adzukulu, nafufutanso. Uthenga wa Adérito udalowa wofunsa ngati zonse zili bwino. Ivo adauyang'ana, nazimitsa telefoni, n'kuiponya m'thumba.

"Wamuuza?" adafunsa a Zacarias atatsika.

"Ndawauza."

"Wati chiyani?"

"Angoti amva."

Limeneli lidali bodza lake lachitatu m'masiku awiri, ndipo lidatuluka mosavuta kuposa oyamba aja.

6. Mlendo afika

Lachinayi pabwalo padatsala abale okhaokha. Amayi ena ankasesa ndi kubweza mabenchi a kutchalitchi. Ivo adakhala tsiku lonse kuseri kwa nkhokwe, akunamizira mutu.

Dzuwa litayamba kufiira kudamveka njinga yamoto ikukwera mtunda. Idaima pansi pa mtengo wa pichesi, n'kutsika munthu wamtali, wa mapewa otambalala, maso ali psuu chifukwa cha tulo ta masiku atatu. Kumsana adabereka chikwama, m'khwapa adapanira gombeza latsopano lili m'pepala lake. Adaligula ku Lisboa kuti adzafunditse bambo ake.

Adérito adavula chipewa, napita molunjika kukhomo, n'kugwada pamaso pa amayi ake. A Zeferina adamugwira kumutu ndi manja onse awiri, misozi ikutsika.

"Ndafika, amayi. Shapa idatenga maola atatu ku Tete isanadzaze, koma ndafika. Musalire. Bambo ali chipinda chiti? Ndiwaone kaye kusanade, zina tikamba bwino."

Tsache la mayi wina lidagwa pansi. A Zacarias, amene ankabwera kudzamulonjera, adaima pakati pa bwalo.

"Mwana wanga, kodi mng'ono wako sadakuuze dzulo?"

"Kundiuza chiyani, bambo aakulu? Telefoni yake sikugwira chiyambire dzulo madzulo."

Adérito adayang'ana m'nyumba kudzera pakhomo. Pamene padali bokosi padali mphasa yokha, yopindidwa. Adayang'ana amayi ake, nayang'ananso mphasayo.

"Tidawaika dzulo," adatero a Zeferina. "Adakudikira, mwana wanga. Mawu awo omaliza lidali dzina lako. Ine ndidawalonjeza kuti uwaona, koma dzenje lidakumbidwa usanafike."

Adérito sadalire. Adaimirira pang'onopang'ono, gombeza lija likadali m'khwapa, nafunsa ndi mawu otsika kwambiri kuti adalamula kukumba ndani. Maso a bwalo lonse adapita kunkhokwe, kumene Ivo adaima atagwira mzati.

A Zeferina adapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Chiyambire dzulo adali asanalankhule ndi Ivo, ndipo tsopano adamuitana.

"Ivo, bwera kuno. Landira gombezali, ulinyamule ndiwe. Mtsogolere mkulu wako, ukamuonetse bambo ake."

A Zacarias adafuna kutsagana nawo, koma mayiyo adatukula dzanja.

"Ayi, alamu. Apite awiriwiri."

Ivo adanyamula gombezalo, natsogola. Adatsika mtunda, nadutsa minda ya mbatata, mapazi a mkulu wake akumveka kumbuyo, olemera, osafulumira. Atalowa m'dambo, pamene bango limabisa nyumba zonse za m'mudzi, mapazi aja adaleka kumveka.

"Ima pomwepo," adatero Adérito. "Ika gombezalo pansi, utembenuke undiyang'ane. Undiuze zonse, tiyambire Lachiwiri lija."